Malo a Azakhali Mainess pa Chithunzi

"Nanga ine nili kuti apa?"

Anafunsa choncho a Mainess, azakhali ake a Towela, chala chili pa galasi la chithunzi chomwe chinali chitangopachikidwa pakhoma. Mayi ake a Towela anayang'ana pansi. Towela mwiniwake anayamba kupukuta kamera yomwe inali yoyera kale.

Izi zinachitikadi. Lyford, wotsuka zithunzi kuseri kwa msika wa Chongwe, anaona ndi maso ake, ndipo Chipego, woyang'anira gulu la okonda kujambula pa WhatsApp, akadali nazo zithunzizo m'foni.

Chithunzicho chinali cha phwando lomwe banja linachita Towela atamaliza yunivesite. Azakhaliwo, omwe anamulera ali wamng'ono ndi ntchito yogulitsa mkaka pa njinga kuchokera ku Palabana, ankathawa kamera moyo wawo wonse. Koma tsikulo anabwera okha n'kuima kumapeto, kumanzere, chitenje chothimbirira ndi utsi, chikho chili m'manja. Sabata imeneyo gulu linali ndi mpikisano wa zithunzi za banja. Towela anaona kuti munthu wa kumapetoyo akupendamitsa chithunzi. Anawafufuta pa laputopu, n'kukopera njerwa za khoma pamalo pawo. Ntchito inali yaudongo, ndipo gulu linaiyamikira kwambiri. Chithunzi choyambiriracho anachitaya kuti apeze malo osungira zithunzi za dzuwa likulowa.

Azakhali sanafunsenso. Anamwalira mvula isanagwe.

Pa maliro panafunika chithunzi choti mwana anyamule patsogolo pa bokosi. Anafufuza nyumba zonse za abale. Chinapezeka cha pa reji chokha, chiphaso chawo cha boma, cha mtsikana yemwe palibe wolira anamuzindikira.

Patapita nthawi Towela anatumiza ku gulu chithunzi cha munda wa chimanga wa ku Kasisi. Chipego anamuimbira foni, m'malo molemba.

"Iwe, wachotsamo ndani apa?"

"Sininagwirepo olo pang'ono."

"Ona kumanzere."

Towela anakulitsa chithunzicho. Tsamba limodzi long'ambika linali lobwerezabwereza, ndendende, kuchokera pansi mpaka pa msinkhu wa munthu wamfupi. Anatsegula cha ku tchalitchi. Kumanzere, thabwa limodzimodzi la benchi. Cha pa siteshoni ya maminibasi chimodzimodzi. Kamera anasintha, anabwereka foni ya mnzake, malowo anali pomwepo.

Anapita nazo kwa Lyford, poganiza kuti mwina pa pepala sizioneka. Makina anatulutsa pepala lofunda. M'kanyumbamo munamveka fungo la mkaka wosasa ndi utsi wa nkhuni. Lyford anasuzumira panja. Panalibe wogulitsa mkaka.

"Ba Towela," anatero chapansipansi, "izi muzitsukira kwina."

Madzulo ake magetsi anazima. Towela anakhala pa tebulo ndi laputopu, n'kuyamba kuwabwezera azakhali pamalo pawo. Maso anabwereka pa chithunzi cha mayi ake, poti anali pachibale. Chitenje anachipeza pa intaneti. Atafika pakamwa anaima. Azakhali anali ndi dzino lobenthuka, koma mbali iti? Munthu yemwe anamusambitsa, kumubereka kumsana kupita naye ku chipatala, iye sankadziwa mbali.

Nkhululu zinasiya kulira.

Panja panamveka tcheni cha njinga. Njingayo sinkapalasidwa. Wina ankaikankha pang'onopang'ono. Chigubu cha mkaka chinagunda chitsulo. Kenako zii.

Fungo lija linalowa. Linaima kumanzere kwake.

Towela sanatembenuke. Anayang'anitsitsa laputopu. Nkhope yomwe anaimanga inali itachoka. Panali njerwa. Ndipo phewa lake lomwe, pa chithunzicho, linali litayamba kukhala njerwa.

"Ba anti," ananong'ona. "Ninalakwa."

Njinga sinamvekenso ikuchoka.

Mayi ake akuti anamupeza m'mawa akadali pa mpando womwewo, laputopu itatha moto. Anamufunsa ngati apitabe Loweruka kukajambula ukwati wa msuweni wake Inonge, poti anthu ankamudalira.

Towela anatenga kamera n'kuiika m'manja mwa mayi ake.

"Mupatse Chipego ajambule," anatero. "Ine niima kumanzere, kumapeto. Ndipo pambali panga pasaime munthu."