Nyali Yokwechedwa ndi Mchenga

Binali adachoka pasitolo ya mmwenye ku Chipoka anthu atatseka kale zitseko. Akadanyamuka dzuwa likadalipo, koma mabawuti a nyali za lole adali atadya dzimbiri, ndipo adalimbana nawo mpaka zala zidasupuka. Pomaliza adazula nyali zonse ziwiri, nazikulunga m'chiguduli, naziponya kumsana. Lole idatsala pabwalo ili ndi maenje awiri kumaso ngati chibade cha ng'ombe.

Adali dalaivala wa loleyo chibwerereni kunkhondo, kumene adaphunzira chiwongolero. Ankanyamula thonje ndi nsomba zouma kupita nazo kusiteshoni ya Salima. Masana loleyo inkayenda ndithu, ngakhale inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Vuto lidali usiku. Nkhungu za kunyanja, tizilombo touluka tija, ndi fumbi zidali zitalowa m'kati mwa magalasi, pamodzi ndi matope ena akale amene Binali sankadziwa kuti adalowamo bwanji. Ukayatsa, koloboyi ankawala kuposa nyalizo.

Tsono kunyumba mkazi wake Zuleka adali wotopa, mwezi wake utakwana. Mayi Maria, azamba a m'mudzimo, adali atamupapasa mimba n'kupukusa mutu.

"Mwanayu wagona chopingasa, Che Binali. Ndiyesetsa, koma zikakanika tidzafuna chipatala cha mishoni. Ndipo mwana sasankha masana. Chigalimoto chanu chakhungucho chikatifikitsa?"

Mmwenye adalola kuti kuyambira mawa lake lole izikagona kumudzi. Za nyali zatsopano adangoseka, nati maso a dalaivala ndiwo nyali. Olemera amatero, poti wobuula sakhala mkazi wawo. Ndiye Binali adaganiza zokazitsuka yekha kunyumba. Ankati akazikwecha ndi mchenga ndi phulusa, monga Zuleka ankakwechera mapoto mpaka kudziwonerapo nkhope.

Kumwamba kudalibe mwezi. Msewu unkadutsa pakati pa minda ya mpunga, achule akulira mbali zonse ngati alipidwa. Binali adali mkamwini, munthu wobwera, ndipo nkhani za msewu umenewu palibe adamuuzapo. Ankangoudziwa ndi matayala: pamene pali dzenje, pamene pali mchenga, ndi mlatho wamatabwa umene unkalira lole ikakwerapo. Chakufupi ndi mlathowo padali nyumba yopanda anthu, denga litagwera m'kati, mpapaya utamera pamene padali pogona.

Atayandikira mlathowo, achule adaleka kulira.

Onse. Nthawi imodzi.

Binali adamva magalasi akugundana m'chiguduli, ngwe, ngwe, ngwe. Adamva mapazi ake. Kenaka adamva mapazi ena pambuyo, olemera, onyowa, ngati a munthu wovala nsapato zodzaza madzi.

Adafulumira. Nawonso adafulumira.

"Adalaivala."

Mawuwo adachokera pafupi, paphewa lamanzere penipeni. Binali adacheuka. Padali munthu wamtali, wovala jekete lakhaki, chipewa chitaphimba nkhope. Jeketelo linkadontha madzi. Mvula idali isadagwe tsiku limenelo.

"Zikomo bambo... Mwandidzidzimutsa. Ndani kodi?"

"Mwasenza maso."

"Nyali izi. Ndikukatsuka kunyumba."

"Ndi chiyani?"

"Mchenga ndi phulusa basi."

Munthuyo adayima chilili. Pakhosi pake padatuluka kaphokoso, kaya n'kutsokomola kaya n'kulira. Fungo la matope a pansi pa mtsinje lidamukuta Binali.

"Mchenga ayi," adatero. "Mchenga umadya kuwala. Mwaye wa nyali. Dontho la kachasu. Thonje lofewa. Muyambe pakati kumka m'mphepete, osazunguliza. Pang'onopang'ono... ngati mukusambitsa khanda."

"Ndinu amakaniko kapena?"

Munthuyo adangoyenda naye limodzi, phewa ndi phewa. Binali adamvetsera kuti amve kupuma kwa mnzakeyo. Adamva kwake kokha. Adafuna kutchula dzina la Allah, koma lilime lidakakamira kunkhama.

Adafika pamlatho. Munthu uja adayima pathabwa loyamba, naloza kumadzi.

"Zikawala mudzandiwunikire pansipa. Ndidataya wanga."

"Mudataya chiyani bambo?"

"Mudzayime. Mudzandiwunikire."

Adatsetsereka m'mbali mwa mlatho, nalowa m'bango. Bango silidagwedezeke. Madzi sadachite phokoso. Zii...

Binali adaliyatsa liwiro! Adathamanga atakumbatira chiguduli pachifuwa, pakuti ngakhale pa mantha onsewo ankadziwa kuti galasi limodzi likasweka, wapha Zuleka ndi manja ake.

Adapeza nyali ikuyaka m'nyumba. Zuleka adali atatsamira khoma, miyendo itatupa, Mayi Maria akuwodzera pamphasa.

"Mukupuma ngati mwathawa njovu," adatero Zuleka. "Kapena mwathawa mwamuna wa mwini?"

"Ndimathamangira iwe," adayankha Binali, natembenukira kwa azamba. "Amayi, kodi kwanu kuli kachasu pang'ono?"

Tulo tonse ta Mayi Maria tidabalalika. "Eee! Msilamu wayamba liti? Zuleka, wamva? Mwana asadabadwe bambo ake alowa kale chipani chathu!"

"Si wakumwa amayi. Ndi wa nyalizi."

"Onse amatero poyamba." Komabe adapita kukatenga, nabwera naye m'kabotolo ka mankhwala.

Binali adayala chiguduli pansi. Adamasula mkombero wachitsulo wa nyali yoyamba, nachotsa galasi. Mudatuluka nkhungu zouma, fumbi, ndi dothi lakuda losakanikirana ndi tizigoba ta nkhono zamumtsinje. Adatiyang'ana tizigobato nthawi yaitali. Nkhono zidalowa bwanji m'nyali ya galimoto?

Magalasi adawatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, nawayanika pafupi ndi moto. Kenaka adatenga mbale yonyezimira ya m'kati, ija imaponya kuwala kutsogolo. Ya kumanzere idali itatheratu. Wina kale adaikwecha mozunguliza, mwamphamvu, ndi mtima wonse, mpaka siliva yense adachoka n'kutsala mkuwa wofiira. Binali adaiyandikiza kumaso. Nkhope yake siidaonekemo. Mudangooneka mizere yozungulira ngati madzi pamene pamira chinthu.

Ya kumanja idali yakuda koma yosakandika. Adapala mwaye pagalasi la nyali ya m'nyumba, nausakaniza ndi dontho la kachasu. Zuleka adamuchotsera njere m'thonje. Adayamba pakati kumka m'mphepete, akusintha thonje likada. Pang'ono ndi pang'ono mbaleyo idatseguka ngati diso la munthu wodzuka, mpaka kamoto ka nyali kadavina m'menemo n'kuwalitsa tsindwi lonse.

Mayi Maria adali ataleka kuseka.

"Zamwayezi mudaphunzira kuti, Che Binali?"

"Kunkhondo," adanama Binali, poti sankafuna Zuleka agone ndi mantha.

Azambawo adamuyang'ana, nayang'ana mbale yokwechekayo.

M'mawa adabwerera ku Chipoka n'kukabwezera nyalizo pa lole. Madzulo adabwera nayo kumudzi, mlatho udalira monga mwa masiku onse. Kunyanja kudali mbee, koma kumapiri a Dedza mphezi zinkang'anima mosalekeza. Madzi a kumapiri sagogoda pofika.

Matenda adamuyamba Zuleka anthu akudya chamadzulo. Binali adakhala panja, mutu uli m'manja, akumva mkazi wake akuluma nsalu. Mwamuna pa nthawi yotere ndi chitsa chabe. Pakati pa usiku chitseko chidatseguka.

"Lizani chigalimotocho," adatero Mayi Maria. "Zandikanika."

Adamugoneka Zuleka kumbuyo pa mabelo a thonje, azamba ali pambali. Binali adapukusa handulo, injini idatsokomola, nigwira. Adayatsa nyali. Ya kumanzere idangofiira ngati khala. Ya kumanja idang'amba mdima mpaka patali, udzu uliwonse kuonekera pawokha.

"Bisimila," adatero, naponda moto.

Minda ya mpunga idadutsa. Nyumba yopanda anthu ija idatulukira, mpapaya uli njo, nidutsa. Zuleka adakuwa kumbuyo. Binali adawonjezera moto.

Ndipo adamuona.

Pakati pa msewu, polowera pamlatho. Jekete lakhaki. Adali atafulatira lole, dzanja likuloza kumadzi.

Binali adaliza huta. Munthuyo sadasunthe.

"Mukuchepetseranji moto?" adakuwa Mayi Maria akumenya denga. "Pitani! Mwanayu atifera!"

Adalizanso. Phazi lidali pakati pa moto ndi buleki. Munthu wopanda mpweya ungamugunde? Ukayima chifukwa cha iye, Zuleka angadikire? Jekete lidakula m'galasi. Madzi akudontha. Pafupi... pafupi...

Adaponda buleki ndi mphamvu zonse!

Lole idatsetsereka m'matope, nikhota chammbali, nigwedezeka koopsa, niyima. Injini idazima. Kuwala kwa nyali ya kumanja kudagwera pamtsinje.

Mlatho padalibe.

Padatsala matabwa oyamba okha, atalendewera. Kutsogolo kwake madzi ofiira ankawinduka, atanyamula mitengo yathunthu ndi mizu yomwe. Tayala lakutsogolo lidali litayima pamene nthaka inkayamba kugumuka.

Binali adatsika, nathamangira kumbuyo.

"Chokani!" adamukalipira Mayi Maria. "Amuna saona izi! Chigalimoto chanu chamugwedeza, mwana watembenuka. Chokani ndati!"

Adabwerera kutsogolo, nayima pambali pa nyali. Ndipo m'kuwalamo adamuonanso munthu uja. Adali m'kati mwa mtsinje, madzi akumulekeza m'chiuno. Mitengo inkamudutsa osamugwetsa. Ankawerama, kupapasa pansi ndi manja onse awiri, kusuntha pang'ono, kuweramanso. Pamwamba pa mkokomo wonsewo mawu ake ankamveka bwinobwino, otsika, otopa.

"Ester... Ester..."

Kumbuyo kwa lole khanda lidalira.

Munthuyo adaleka kupapasa. Adaweramuka. Adatembenuka pang'onopang'ono, ndipo kuwala kudamugwera kumaso. Idali nkhope ya mnyamata, wa msinkhu wa Binali yemwe. M'maso mudali matope.

Adayamba kutuluka m'madzi. Phazi limodzi. Linanso. Akulunjika kumene kunkachokera kulirako.

Binali sadadziwe kumene adatenga mphamvu. Adalowa pakati pa msewu, natambasula manja.

"Si wanu bambo," adatero. "Pepani... si wanu. Ndakuwunikirani monga mudanenera. Uyu ndi wanga."

Adayang'anizana. Fungo la matope lidadzaza mphuno. Khanda lidaliranso, mwaukali, ngati likudandaula za dziko limene lafikamo. Munthuyo adapendeketsa mutu, namvetsera nthawi yaitali, monga mlendo amamvetsera nyimbo ya kwawo. Kenaka mapewa ake adagwa. Adatembenuka, nabwerera kumadzi.

Patapita nthawi Mayi Maria adatsika, akupukuta manja pachitenje.

"Wamkazi. Mayi ake ali moyo, akufunsa ngati mwagunda mbuzi." Adafika kutsogolo, naona pamene padali mlatho. Adagwira pakamwa. "Mayo ine... Mudaona bwanji muli patali chonchija?"

"Sindidaone mlatho amayi. Ndidaona munthu. Yemweyo amene adandiuza za mwaye ndi thonje dzulo. Za kunkhondo zija ndidanama."

"Wotani?"

"Wamtali. Jekete lakhaki. Akufuna wina dzina lake Ester."

Mayi Maria adakhala pansi m'matope momwemo.

"Ndi Masiye ameneyo," adatero. "Nyumba yakugwa ija ndi yake. Ndiye ankayendetsa lole yomweyi nkhondo isadayambe. Ester adali mkazi wake, mimba yoyamba, ndipo ndine ndidamuuza kuti tidzafuna chipatala. Mwana wa eni adakhala tsiku lonse pakhonde akukwecha nyali ndi mchenga, akuyimba, ati ziwale pa tsiku la mkazi wake. Usiku umenewo madzi adatenga mlatho ngati lero. Sadaone kanthu, lole idagwera mumtsinje tonse atatu tili momwemo. Ine ndidapulumuka chifukwa ndidagwira nthambi. Makaniko amene adadzavuula lole ndiye adanena za mwaye ndi thonje, pamaliro pomwe, mtembo uli pamphasa. Nzeru zimadziwa kuchedwa. Mmwenye adagula mbale imodzi yokha, ati ziwiri n'zodula."

Adapuma, nayang'ana kumadzi kumene iye sankaonako kanthu.

"Masiye tidamuyika kuseri kwa nyumba yake. Ndidamuona ndi maso angawa akumukwirira. Ester sitidamupeze."

Kumbuyo Zuleka ankayitana mwamuna wake ndi mawu ofooka kuti adzaone mphuno ya mwana. Mayi Maria adadzuka, nasasa chitenje.

"Zimitsani nyaliyo, Che Binali. Batire itha, mmwenye akakudyani."

Binali adalowetsa dzanja m'galimoto, nagwira kabatani. Adayang'ana kumtsinje. Kumapeto kwenikweni kwa kuwala, msana wa jekete lakhaki udali chiweramire, manja ali m'madzi.

Adabweza dzanja lake.

"Isiyeni iyake amayi," adatero. "Sadamalize."