Sitima Yovala Dzina la Malemu

Tsiku limenelo tinaweruka mochedwa pamsewu pa Mlangeni. Kachewere sanayende malonda, ndipo chisanu cha Juni chinali chitayamba kuluma zala. Ndinathandiza mng'ono wanga Lufina kubweza matumba kunyumba kwake, ndiye poti kunali kutada ndinangoti ndigone komweko. Chiikireni mwamuna wake, Lufina sankafuna kugona yekha ndi ana.

Ndati chiikireni, koma mundimvetse. M'bokosi muja munalibe munthu.

Alamu angawo, a Maynard, anapita ku Beira ndi mnzawo Eliya wa kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambique. Kumeneko analembedwa ntchito m'sitima ya panyanja yamchere, zikuluzikulu zija zonyamula tirigu ndi malasha ongokhuthulira, osaika m'matumba. Poyamba ankatumiza mawu pafoni, ife n'kumamvera tikuseka. Ankati sitimayo ndi nkhalamba, yadutsa m'manja ambiri kuposa njinga ya kabaza. Kenako nkhani zinasintha. Sitimayo inayamba kukatenga katundu kudoko lomwe mayiko anagwirizana kuti pasapezeke wochita nalo malonda. Akayandikira kumeneko, kaputeni ankazimitsa makina oonetsa pomwe sitima ili. Usiku ankawatsitsa a Maynard pachingwe ndi chitini cha penti, afute dzina la sitimayo n'kulemba lina. Mbendera nayo ankangosintha ngati malaya.

Atatiuza dzina lomaliza, foni inangoti zii. Chaka chinatha, china n'kuyamba. Mphunzitsi wina anatifufuzira dzinalo pa intaneti. Sitima ya dzina limenelo anaiphwanya kalekale n'kugulitsa zitsulo zake, a Maynard asanachoke n'komwe pamudzi.

A Cosmas, malume awo a Maynard, sanafune kumva zambiri. Anati wokwera sitima yakufa ndi wakufa, ndipo mzimu usamangoyendayenda wopanda pogona. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma a Cosmas ndi dambo la udzu wouma. Anadulitsa thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, adzukulu n'kukumba manda. Lufina anakana, analira, koma anamumeta basi.

Usiku uja tinagona pamphasa imodzi pabalaza, ana ali kuchipinda. Chinandidzutsa ndi fungo. Penti yaiwisi, yosakanikirana ndi dzimbiri. Kwa Lufina kulibe khoma lopaka penti.

Agalu a m'mudzi monse anali chete.

Kenako nyumba inayamba kupendama. Pang'onopang'ono uku, pang'onopang'ono uko. Madzi a mundowa ndinkawamva akugunda m'mbali. Ine si wamantha, za mizukwa ndinkaziseka pagulu, koma ndinagwira mphasa ndi manja onse awiri.

"Odi."

Mawuwo anali pakhomo penipeni. Otsika, otopa.

Lufina anadzambatuka. Ndinamutseka pakamwa. Ngakhale mwana amadziwa kuti woitana usiku samuyankha.

"Odi, amake Tisunge."

Anandiluma dzanja mpaka ndinamusiya. "Lowani, bambo!"

"Sindingalowe. Sindinatsike."

"Nanga muli kuti?"

"M'sitima, pa nangula. Magetsi a kumtunda ndikuwaona, koma palibe doko lofuna sitimayi. Mwini wake anathawa. Tikudya tirigu wowiritsa, madzi tikumwa a mvula." Anatsokomola, chifuwa cha a Maynard ndinachizindikira. "M'mawa kukubwera boti lodzatitenga. Anzanga akumanga zikwama. Ine ndikayandikira makwerero, pachifuwa pakumandilemera ngati pali dothi. Mwandiika pati, amake Tisunge?"

"Si ine, bambo. Ine ndinakana."

"Ndifukuleni kusanache."

Pansi pa chitseko panalowa madzi. Anayenda mpaka kundikhudza chidendene, ozizira ngati a m'firiji. Kenako kunja kunalibenso mawu.

Lufina anali atamanga kale chitenje m'chiuno. Ndinakaima pachitseko.

"Iwe, ukapezeka kumanda usiku uno ukudziwa dzina lomwe akupatse. Ana awa adzakula ali ana a mfiti."

"Achemwali, chokani."

"Tidikire kuche, tikawauze a Cosmas."

"A Cosmas ndi amene anawaika."

Sindikudziwa mphamvu anazitenga kuti. Ndinangopezeka ndili pansi, iye watuluka ndi khasu, ndipo ndinamva akukoleka loko kunja. Anandidziwa bwino mng'ono wangayo, ndikanamutsatira n'kumukoka. Kukuwa sindikanakuwa, chifukwa kukuwa kunali kumuitanira anthu. Ndinakhala tsonga mumdima, msana pakhoma, nyumba ikupendamabe. Zenera la Lufina ndi laling'ono, mutu wokha sungatuluke. Ndinapemphera mapemphero onse omwe ndimadziwa, ena kuwabwereza, ndipo ndinkaopa kwambiri. Ana anagona osatembenuka.

Kutayamba kuyera, nyumba inaima. Posakhalitsa ndinamva phokoso chakumanda. Amuna olawirira kudimba ndi omwe anamuona. Mayi wina woyandikana nafe anamva ndikumenya chitseko, mwamuna wake n'kuthyola loko ndi mwala.

Ndinamupeza Lufina ali m'dzenje lofika pachifuwa, zikhatho zili magazi okhaokha. Chivundikiro cha bokosi chinali chitaoneka, ngodya imodzi ataitukula ndi khasu. Anthu anazungulira chapatali, amayi atagwira pakamwa. A Cosmas anafika akumanga lamba.

"Mutulutseni."

"Malume, pang'ono pokha!" Lufina anagwada m'dzenjemo. "Atsike kaye! Chonde, atsike kaye!"

Anamukoka amuna atatu. Dzuwa lisanathe mame, manda anali atakwiriridwa. Sabata yomweyo a Cosmas anamangitsa chiliza cha simenti, chokhuthala ngati maziko a sitolo. Pamsewu anthu anayamba kulambalala kachewere wa Lufina. Ana ake kusukulu ankakhala pabenchi paokha.

Eliya anabwera mvula itayamba, ataonda ngati wochoka m'chipatala. Anakhala pakhonde la Lufina, chakudya anakana. Anatiuza kuti sitimayo si mzukwa ayi, ndi chitsulo chenicheni. Eni ake anangoba dzina la sitima yophwanyidwa kuti olondera panyanja asaizindikire. Boti lija linabweradi, la anthu othandiza amalinyero osiyidwa.

"M'mawa umenewo Maynard anadzuka wopepuka," anatero Eliya. "Ankaseka. Anandiuza kuti aka n'koyamba kupuma bwino chichokereni chaka chatha. Anatsika womaliza pamakwerero a zingwe. Phazi limodzi linaponda m'boti, ine ndinamugwira dzanja."

Anayang'ana dzanja lakelo.

"Ndiye nkhope inasintha. Anati, 'Akundikwiriranso.' Anandilanda dzanja n'kuyamba kukwera kubwerera. Tinamuitana mpaka mawu kutha. Mafunde anakula, woyendetsa boti sakanadikiranso."

Ndinafunsa komwe sitimayo ili tsopano. Eliya anati anthu ena anaigula, inachoka usiku makina ali ozimitsa, ndipo palibe akudziwa dzina lomwe yavala. Ndinafunsanso kuti boti lija linabwera tsiku lanji. Lufina sanafunse, anangodzuka n'kulowa m'nyumba.

M'mudzi muno amanong'ona zosiyanasiyana. Ena amati Eliya nyanja inamusokoneza mutu. Ena amati Lufina ndiye anamangirira mwamuna wake ndi mankhwala, kukumba kuja kunali kukatenga zizimba. A Cosmas amati chiliza sichiphwanyidwa, ndipo analanda makasu onse a pakhomo pa Lufina, kumunda amachita kubwereka.

Ine sinditsutsana nawo. Ndikakumana nawo ndimagwada, ndimawapatsa moni bwinobwino. Koma tsiku la msika lapitali ndinakwera minibasi mpaka ku Lizulu, komwe sandidziwa kwenikweni, ndipo ndinagula piki ndi hamala yaikulu. Zili pansi pa bedi langa, zokulunga m'thumba la feteleza. Lufina ndinamuuza kuti ulendo uno asandikhomere, simenti ija munthu mmodzi sangaithe. Tikungodikira mwezi ulowe mumdima.