Benchi Yomwe Inkabwerera Pansi pa Getsi

Oyamba kuona zachilendozo anali Adalaivala, chifukwa ndiwo ankasunga kiyi wa geti la paki. Anali atayendetsa mabasi zaka makumi atatu, ndipo ngakhale anali atapuma pa ntchito, thupi lawo linali lisanaiwale kudzuka kunja kusanache. Komiti ya anthu okhala mozungulira pakiyo inaona kuti palibe wina woyenera kutsegula m'mawa ndi kutseka madzulo koposa iwo. Inali ntchito yopanda malipiro, koma kiyiyo ankamumangirira pa lamba ndi kachingwe, ndipo poyenda ankamusiya alendewere kuti aliyense amuone.

Lolemba limenelo atatsegula geti, anaima chilili. Benchi yachitsulo, imene Loweruka anaiika pamzere ndi zinzake moyang'anizana ndi maluwa, inali itachoka. Inali kutali uko, pakona ya mpanda wa kumsewu, pamalo pomwe inkakhala kale komiti isanayambe ntchito yake.

Paki imeneyi inali itatayidwa zaka zambiri. Udzu unkafika m'chiuno, mabotolo osweka anali mbwee, ndipo khonsolo inkangoti ilibe anthu okwanira. Anthu atatopa n'kudandaula anadzisankhira komiti, wapampando wake n'kukhala Anamwino, mayi wamawu akuthwa amene moyo wawo wonse anazolowera kuti akanena chinthu chichitike. Anatchetcha, anamanga mpanda, anabzala kapinga. Anayenda khomo ndi khomo Loweruka lililonse masana kufunsa anthu mmene akufunira kuti paki yawo ioneke, ndipo ambiri anati mabenchi onse asanu akhale pamzere umodzi pafupi ndi maluwa. Anayi anali amatabwa, opepuka. Yachisanu inali yakalekale, yachitsulo chokhachokha, ya nthawi ija zinthu ankazipanga kuti ziposere mwini wake moyo. Poisuntha panafunika amuna anayi, ndipo Amakaniko a pagalaja yoyandikana nayo anayenda chowerama masiku awiri.

Adalaivala anayang'ana loko. Anali bwinobwino. Anayenda m'mbali mwa mpanda, osapeza podulidwa. Chimene chinawadabwitsa kwambiri chinali kapinga: panalibe mzere ngakhale umodzi wosonyeza kuti benchiyo inakokedwa. Inachita kunyamulidwa.

"Ndi zidakwa izi," anatero Amakaniko ataitanidwa. "Mowa umapatsa munthu mphamvu zopanda ntchito."

"Zidakwa zimaika chinthu mowongoka chonchi? Taonani miyendo yake. Yabwerera m'timaenje take takale."

Amakaniko anawerama, n'kuona kuti n'zoona. Anaitana anzawo awiri, anayiwo n'kuibweza akubuula.

Lachiwiri m'mawa inali pakona paja.

Apa nkhani inayamba kuyenda yokha. Pampope anthu ankati pakona pamenepo panali manda kale mzinda usanakule. Ena ankati ayi, panagundidwa munthu ndi galimoto. Mayi wina wogulitsa zipatso analumbira kuti mlamu wake anamva chitsulo chikulira usiku ngati mwana, koma mlamuyo atafunsidwa anati iye amagona ndi wailesi yotsegula. Adalaivala sankakhulupirira za manda. Chimene chinkawasowetsa tulo chinali funso lenilenilo: munthu angavutikirenji kuba chinthu n'kuchisiya m'paki momwemo?

Lachitatu madzulo Amakaniko anabwera ndi waya wokhuthala, n'kumangirira mwendo wa benchi ku chipilala cha mpope, akupotokola ndi pulayala mpaka thukuta kamukamu. "Tione ngati mizukwa imayenda ndi zida," anatero.

Lachinayi m'mawa benchi inali pakona. Waya uja sanadulidwe. Anamasulidwa mofatsa, anakulungidwa bwino ngati nkhata, n'kupachikidwa pa chipilala chomwecho kuti mwini wake asavutike kumufuna.

Amakaniko sanasekenso. Anapita kwa kalipentala n'kubwera ndi thumba la utuchi. Dzuwa litalowa anauwaza mozungulira benchi ndi m'njira yonse yopita kukona, kuti aliyense woponda asiye phazi lake, kaya ndi munthu kaya n'chinthu china.

Lachisanu Adalaivala anatsegula geti. Benchi inali pakona. Utuchi kunalibe. Njira yonse inali yoseseredwa mwaukhondo, mizere ya tsache itagona mokhotakhota ngati tsitsi lopesa, ndipo utuchi wonse unali utaunjikidwa m'bini. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mizere ija. Inali yokongola, ndipo kukongola kwakeko n'kumene kunawaimitsa tsitsi.

Masana ake Anamwino anawapeza akuthirira maluwa. Sanazungulire.

"Bambo, kiyi ndi mmodzi, ndipo ali m'chiuno mwanumo. Loko sanathyoledwe. Anthu akuti mwina mumatsegulira anzanu usiku. Ena akunena zoipa kuposa pamenepo."

"Mayi, ine ndi msana wangawu ndinganyamule chitsulo chija?"

"Ine sindikunena kuti ndinu. Koma azimayi ayamba kuletsa ana kubwera kuno, ndipo Loweruka lapitali pa ntchito yotchetcha tinali makumi awiri, mawa sindikudziwa ngati tikwane asanu. Msonkhano ndi mawa masana. Mukabwera opanda yankho, kiyiyo mudzamusiye patebulo."

Adalaivala anagwira kiyi uja ngati wina akufuna kumutsomphola pompo. Kunyumba kwawo kunalibe wowadikira. Geti lija ndilo linkawadzutsa m'mawa, n'kuwauza kuti tsiku layamba.

Madzulo amenewo benchi itabwezedwa, anatseka geti ali m'kati. Analowa m'kanyumba kosungiramo makasu ndi wilibala, n'kukhala pa chigubu chopanda kanthu, diso lili pa mng'alu wa chitseko. Anavala jekete lawo lakale la kuntchito, tochi ili pamwendo.

Mzinda unazima pang'onopang'ono, monga amazimira makala. Mawailesi anayamba kuleka imodziimodzi. Galimoto zinachepa mpaka iliyonse inkamveka payokha, ikubwera kuchokera kutali n'kukatayika kutali. Mpope unkadontha: tho, tho, tho. Malata a kanyumbako ankathetheka pozizira. Ndipo Adalaivala anaona chinthu chimene anali asanachionepo, popeza anali asanakhalepo m'pakimo usiku: mdima wake unali wandiweyani, moti maluwa, kapinga ndi mabenchi aja zonse zinamezedwa. Kuwala kunali pamalo amodzi okha. Getsi la mumsewu linkadutsa pamwamba pa mpanda n'kugwetsa kachigamba kachikasu pakona paja.

Cha m'ma 3 koloko anamva phokoso lina kunja kwa mpanda. Sye... sye... sye. Linkachokera kumtunda kwa msewu, likuyandikira mosafulumira. Silinali limodzi, linali ngati mapumidwe a anthu angapo ogona m'chipinda chimodzi. Linafika pafupi ndi mpanda, kenaka linangoti zii.

Kuseri kwa mabini, kumene kunali zitsamba zowirira, chitsulo chinalira: kwiii. Adalaivala anakanikiza diso pa mng'alu uja. Mumdimamo munayamba kuyenda timizere totuwa, tolendewera m'malere topanda miyendo, tikubwera ku maluwa. Anawerenga. Zinthuzo zinali zitatu.

"Aibwezanso," mawu anatero monong'ona.

"Anthu ake ndi ouma mitu bwanji. Gwira uko."

Benchi inanyamuka. Pamene inkayandikira kuwala, Adalaivala anaona bwino: anali azimayi atatu ovala makhoti aatali okhala ndi timalamba tonyezimira. Awiri anagwira kutsogolo. Mmodzi anagwira kumbuyo, kumanzere. Kumbuyo kumanja kunalibe munthu. Munthu amene wayendetsa basi zaka makumi atatu amadziwa mmene chinthu cholemera chimapendekera tayala limodzi likaphwa. Benchiyo sinapendeke. Inkayenda yowongoka, makona onse anayi ali m'mwamba mofanana.

Mantha analipo, koma chidwi chinawaposa. Anakankha chitseko n'kuyatsa tochi.

"Mayo ine!" Benchi inatsitsidwa pansi msangamsanga. "Ndani?"

"Ndine wosunga kiyi."

"Aa, ndi madala a kiyi aja!" anatero wamtali pa atatuwo, dzanja lili pachifuwa. "Bambo, mutipha nayo mitima. Tsitsani tochiyo, sitili pa siteji."

Anali osesa mumsewu a khonsolo. Ankayamba pakati pa usiku kumtunda kwa msewu, ndipo kuseri kwa zitsamba zija kunali kageti kakang'ono kotulutsira zinyalala, komwe akapitawo awo anawapatsa kiyi wake kalekale. Komiti pomanga mpanda inangolumikiza waya mbali zonse ziwiri za zitsambazo, osayang'ana m'kati.

"Ndiye benchiyi mukuisunthiranji?"

"Ifenso tikufunsa chomwecho," anayankha wamfupi wovala chisoti chaubweya. "Mlungu wonse takhala tikudabwa kuti ndi mfiti yanji ikutichotsera benchi masana. Zaka zonsezi timapumira apa, pansi pa getsi. Uko kumaluwa kwanuko kuli mdima, bambo. Mzimayi sakhala mumdima nthawi ngati ino."

"Koma tinafunsa aliyense. Khomo ndi khomo."

"Munafunsa nthawi yanji?"

"Loweruka masana."

Atatuwo anaseka chapansipansi. "Masana ife timakhala tili mtulo. Ndipo tikamaweruka, inu mumakhala mukuliza mkonono. Tikanauza ndani? Komanso amene anamwaza utuchi dzulo mukamuuze kuti watiwonjezera ntchito. Ngati alibe pokatayira atifunse."

Adalaivala anamva manyazi ndi mpumulo nthawi imodzi. Benchi inali itatsala mapazi ochepa kuti ifike, choncho anaika tochi m'thumba n'kupita ku kona yopanda munthu ija. "Bwerani ndikuthandizeni."

"Pamenepo ayi, bambo."

Ananena ndi wachitatu, amene anali asanalankhule chifikireni. Mawu ake anali ofatsa, koma anzake aja analeka kuseka.

"Pamenepo m'pa Achemwali," anapitiriza. "Tinkasesa anayi. Iwo ndiwo anali wamkulu wathu, anatiphunzitsa ntchito tonsefe. Kale paki ili tchire, anyamata oledzera ankaikokera benchiyi uku ndi uku, ife n'kumaibweza, aliyense kona yake. Iwo ankagwira imeneyo. Anatisiya nyengo yozizira yapitayi."

"Pepani," anatero Adalaivala. Kenaka, chifukwa funsolo linkawayabwa: "Nanga ikunyamuka bwanji?"

"Usiku woyamba tinangoti tiyese. Aliyense anapita pamalo pake mwachizolowezi, tinawerenga mpaka katatu, n'kunyamuka." Wamtali uja anakweza mapewa. "Ife sitifunsa, madala. Mukafunsa zambiri mudzanyamula nokha."

Anagwiranso makona awo atatu. Adalaivala anayenda pambali, maso ali pa kona yachinayi. Anayesa kudziuza kuti mwina mayi wakumbuyoyo ali ndi mkono wamphamvu, kuti mwina kulemera kwa chitsulo kunagawika mwanjira ina. Benchi itatera m'timaenje take, anatambasula dzanja mwakachetechete. Chitsulo cha kumsana kwake chinali chozizira mpaka kuluma zala, chonyowa ndi mame. Anasuntha dzanja kufika pa kona ija. Panali pouma, pofunda, monga chiwongolero chimene dalaivala mnzako wangochisiya kumene.

Azimayi aja anakhala pansi n'kutsegula fulasiki. Anapanikizana mbali imodzi, mapewa akugundana, kumapeto kwa benchi n'kusiyako malo a munthu mmodzi. Palibe amene anawauza Adalaivala kuti akhalepo, ndipo iwo sanayese. Iwonso kunyumba ankagona mbali imodzi ya bedi, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano chimwalirireni mkazi wawo. Anamwa tiyi wawo ataimirira, m'chivundikiro cha fulasiki, akumvetsera azimayiwo akukangana za amene anaiwala shuga.

Loweruka masana kumsonkhano kunabwera anthu ambiri kuposa masiku onse, ena atangobwera kudzaona kiyi akuikidwa patebulo. Adalaivala anawatsogolera kuseri kwa mabini, n'kupatula zitsamba. Anthu ataona kageti kaja anayang'anana. Anafotokoza za getsi, za mdima wa kumaluwa, za mafunso a masana. Uthenga wa utuchi anaupereka mmene anaulandirira, ndipo anthu anaseka mpaka Amakaniko anavula kapusi n'kudziphimba nayo kumaso.

Anamwino sanali munthu wozolowera kulakwa, koma sanalinso wobisala kukacha.

"Benchi ikhale pakona," anatero. "Kiyi akhale pomwe ali. Ndipo anthu amenewa ndi eni paki ngati ife tomwe. Tiwalembe m'buku la mamembala, ndipo msonkhano wotsatira tichite m'mamawa iwo akamaweruka." Anatsegula buku, n'kuchotsa chotsekera cholembera. "Mayina tidzawafunsa okha. Panopa ndisiye mizere ingati, bambo? Alipo angati?"

Anthu onse ankayang'ana Adalaivala. Amakaniko anali atasendera kutsogolo, dzanja lili pa msana wawo, akufunitsitsa kumva kuti ndi azimayi angati amene anachita zomwe zinawapinda iwo masiku awiri.

"Siyani inayi," anatero Adalaivala.