Dzanja Lokana Kusiya

"Basi yadzala iyi. Nizankala kuti?"

"Malo alipo, sista. Basi ili monga mutima wanga, siidzala."

"Kamwa yanu! Ndimwe ba kum'mawa, ayi? Nimvela fungo ya mbeba."

"Aa, kansi ndiwe Mubemba! Kwela, koma kolwe wako usiye panja."

Umu ndi momwe Luse anadziwirana ndi Chrispin pa siteshoni ya mabasi ku Matero. Luse ankaluka tsitsi mu saluni ina m'tauni, Chrispin anali kondakitala. Mu Lusaka aliyense amadziwa kuti Mbemba ndi munthu wa kum'mawa sapatsana ulemu. Ndi chimbuya chimenecho, chibale cha kunyozana: uyu amati mnzake amadya mbewa, winayo amabwezera kuti iye amadya kolwe, ndiye kuti nyani. Akasiya kunyozana, dziwani kuti zavuta.

Posakhalitsa mafoni awo anayamba kutentha.

"Kolwe wanga, wadya?"

"Nadya, mbeba yanga. Leka kulendewela pa chitseko monga nsanza."

"Nizakukwatila, Luse. Bana batu bazadya vonse viwili."

Luse ankaseka mpaka makasitomala kudandaula kuti akuwakoka tsitsi.

Koma tsiku lina la mvula basi ija inatsetsereka nigubuduzika. Chrispin, amene anali pakhomo monga mwa ntchito yake, anaponyedwa kutali. Msana unavulala chapakhosi. Madokotala anafotokoza kuti uthenga wochokera ku ubongo sukufikanso bwino ku manja ake. Mutu unali bwinobwino, kamwa linali lomwe lija, koma manja aja anangogona pa bulangete ngati a munthu wina.

Atatuluka m'chipatala anakakhala kwa mlongo wake wamkulu, Cynthia, ku komboni ya George. Luse ankapita kumeneko akaweruka. Ankamumeta, ankamumwetsa tiyi, ankamunena kuti waulesi. Foni ya Chrispin ankasunga ndi Cynthia, poti mwini wake sakanatha kuigwira.

Kenako m'mawa wina uthenga unafika.

"Ba Luse, zikomo pa vonse vimene mwanichitila. Napempha musabwelenso. Mukali bang'ono, pezani mwamuna wa manja. Mulungu akudalitseni."

Ba Luse! Mulungu akudalitseni! Luse anawerenga ataima pakati pa msewu. Sikukanidwako kumene kunamupweteka kwambiri, koma ulemuwo. Chrispin wake kumulankhula ngati akulankhula ndi mayi wa ku tchalitchi? Kodi chikondi chimatha chonchi, mwaulemu?

Anathamangira ku George. Cynthia anamuchingamira pageti.

"Mulamu, agona. Anakamba kale, musamuvutitse."

Luse anabwerera akulira, matope a ku George ali m'mapazi. Anayesa kuimba, foni sinayankhidwe. Miyezi inapita. Anayamba kuyenda wapansi mpaka siteji ina kuti asamve makondakitala a ku Matero akuitanira anthu.

Masana ena akuluka kasitomala, foni inalira. Pa galasi la foniyo panalembedwa "Mbeba Yanga". Tsitsi linamupulumuka m'manja.

"Halo?"

"Iwe wakudya kolwe, unanithawa chifukwa chani?"

"Ine? Ine kukuthawa? Chrispin, usaniyambe!"

"Bwela ku chipatala, ku chipinda cha mafizo, kwamene batiyeselesa kugwedeza thupi. Bwela uone chinthu. Ndipo foni udule ndiwe, kudula nikalibe kuphunzila."

Kasitomala anatsala ndi mutu woluka mbali imodzi.

M'chipindamo Luse anapeza Chrispin ali pa njinga ya olumala, atavala chipewa chodzaza ndi mawaya. Patebulo pambali pake panamangidwa dzanja lachitsulo la zala zitatu, nsonga zake zamphira. Kutsogolo kwake kunali foni, itaimikidwa pa kathabwa.

Mayi wina wa jasi loyera, Mwaba, wofufuza wa ku yunivesite, anamulonjera.

"Ndimwe ba Luse? Tamvela zina yanu mpaka tatopa. Ichi chisote chimvela vimene ubongo ufuna kuchita, kompyuta yauza kwanja ya nsimbi. Tikali kuyesa chabe, sitilonjeza vambili. Koma kuyeselela kuthandiza na thupi. Onani phewa yabo, yayamba kugwedezekako."

"Benangu bonse bayamba na kunyamula kapu," anapitiriza Mwaba. "Aba anakana. Ati foni. Mulungu na mulungu kuphonya, tsiku inangu anaimbila makanika."

"Ananitukwana," anatero Chrispin.

Luse sanaseke. Anatulutsa foni yake, napeza uthenga uja, nauika pafupi ndi maso a Chrispin.

"Nanga ivi? Unaniuza wekha kuti nisabwelenso."

Chrispin anawerenga. Anawerenganso. Nkhope yake inagwa.

"Ba Luse? Ine ningakulemekeze iwe? Kuyambila liti?"

Zoonadi, kuyambira liti? Ulemu umene unamuliza miyezi yonseyi ndi umene ukanamuuza kuti wolemba anali wina. Munthu wopanda manja akanatumiza bwanji uthenga popanda wosunga foni?

"Ba Cynthia bananiuza kuti watopa," anatero Chrispin motsitsa mawu. "Ati wapeza wa takisi ku Chawama."

"Wa takisi! Ine? Na iwe unakhulupilila?"

"Na iwe unakhulupilila."

Mwaba anayamba kuyang'anitsitsa kompyuta yake ngati muli nkhani yaikulu.

"Ba Cynthia bananisambika, bananidyetsa," anatero Chrispin. "Banayopa kuti uzanisiya pakati pa njila, so banafuna nilile kamozi. Nizakamba nabo, ni mulandu wanga uyo. Koma Luse, mvela. Manja yanga kapena siyazabwela yonse. Iyi kwanja ni ya chipatala, sinipita nayo kunyumba. Ngati ufuna kuyenda, yenda. Koma uniuze na kamwa yako, osati pa foni."

Misozi inatsika m'masaya mwa Luse.

"Chipuba iwe. Nanga nikayenda, azakunyoza ndani?"

Anayandikira tebulo naika dzanja lake pakati pa zala zachitsulo zija. Chrispin anatseka maso. Thukuta linatuluka pamphumi pake. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenako makina analira pang'ono, zala zinanjenjemera, zinaima, zinayambanso, mpaka zinatseka pa dzanja la Luse. Zinali zozizira, koma zinagwira mosamala ngati zagwira dzira.

"Kolwe wanga," ananong'ona Chrispin.

"Nili pano."

Pakhomo panamveka kugogoda. Wodwala wina anali kudikira nthawi yake.

"Ba Chrispin, nthawi yasila," anatero Mwaba. "Manje ganizani kuti mutsegula kwanja, monga mwa masiku onse."

Chrispin anakwinya nkhope ngati munthu wolimbikira kwambiri. Zala sizinasunthe.

"Yesaninso."

Sizinasunthe. Mwaba anayang'ana mawaya a chipewa, anayang'ana pa kompyuta, anadina apa ndi apo. Zonse zinali m'malo mwake. Anavula magalasi, nayang'ana Luse amene ankaseka misozi ili m'maso, kenako anatembenukira kwa wodwala wake.

"Ba Chrispin, makina yali chabe bwino. Mufunadi kumusiya uyu mukazi?"