Misomali Yopindika ya Ababa

Kambalame ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna Ababa amuitanenso ndi dzina lake.

Dzinali anamupatsa ndi Ababa omwewo. Ankati amalongolola ngati mbalame ya m'mawa.

Ababa anali okhoma malata. Madzulo ankabwera ndi misomali yopindika m'thumba. Awiriwo ankakhala pakhonde. Kambalame ankagwira msomali pamwala. Ababa ankamenya ndi hamala. Kho, kho, kho.

"Msomali wopindika sataya," Ababa ankatero. "Amauwongola."

Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku lina Ababa anaterereka padenga. Anagwa pansi, phi! Mutu unagunda njerwa. Anadzuka okha, nasasa fumbi. Anzawo a kuntchito anawayang'ana m'mutu. Magazi panalibe.

"Palibe magazi, palibe bala," anzawowo anatero. Ababa anaseka, nakweranso padenga.

Kunyumba Amayi anapapasa mutuwo. Anangopeza kachotupa.

"Palibe magazi, palibe bala," nawonso anatero.

Mawu abodza amenewa. Koma onse anawakhulupirira.

Mawa lake mutu unayamba kuwawa. Kenako Ababa anasanza. Kenako lilime linalemera. M'mawa wina anayamba kudzandira pamsewu.

Anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. "Taonani, aledzera m'mawa uno," anatero. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Anthu inu, manyazi mulibe? Munthu woti mowa sanaulawepo n'kamodzi komwe!

Kambalame anathamanga. Anawagwira Ababa dzanja. Dzanjalo linali lefu. Ababa anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana uyu ndi wa yani?" anafunsa.

Kambalame anakuwa kuitana Amayi.

"Amayi, Ababa sakununkha mowa. Ndi mutu uja. Tiyeni kuchipatala."

Amayi anasiya zochapa m'beseni.

Kuchipatala anajambula mutu wa Ababa ndi makina aakulu. Adokotala anaonetsa Amayi chithunzi.

"Magazi alipo, mayi," anatero. "Ali m'kati. Akupanikiza ubongo. Munthu akamenyetsa mutu, abwere tsiku lomwelo."

Amayi anagwira pakamwa. Misozi inatsika yokha.

Madokotala anaboola chigaza pang'ono. Anachotsa magaziwo. Ababa anadzuka ndi bandeji kumutu. Koma sanamudziwe Kambalame.

Pabedi la kumanja panali mnyamata wa mpira. Anawombana mitu ndi mnzake.

"Uyu ubongo unangogwedezeka," anamwino anauza Kambalame. "Mankhwala ake ndi kupuma. Mpira ayi, foni ayi."

Pabedi la kumanzere panali agogo aamuna.

"Awa sanagwe," anamwino anatero. "Mtsempha wa m'mutu unatseka. Akumwa mankhwala. Akuphunziranso kuyenda."

"Nanga Ababa?"

"Aphunziranso kugwira ndi kulankhula."

"Adzandidziwa?"

"Ubongo suchira mothamanga, mwanawe."

Mnyamata wa mpira anapita kwawo akuseka. Kambalame anamuchitira nsanje. Inde, nsanje yeniyeni.

Patapita nthawi Ababa nawo anatuluka. Ankangokhala pakhonde. Dzanja lamanja linkagona pamwendo. Makwerero anagona kuseri kwa nyumba, udzu n'kumera pakati pake. Anzawo a kuntchito anabwera kamodzi basi. Oseka aja ankadutsa atawerama.

"Iwe mwana, madzi," Ababa ankatero.

Iwe mwana. M'mawa, iwe mwana. Madzulo, iwe mwana. Kambalame ankabweretsa madziwo. Kenako ankapita kuseri kukalira.

Kuchipatala anati Ababa azitola tinthu ting'onoting'ono. Anati zala zimakumbuka zikamagwira ntchito. Amayi anabweretsa zitsekerero za mabotolo.

"Tolani, bambo a mwana."

Ababa anayesa. Zala zinakana. Anayesanso. Zala zinakananso. Anakankha zitsekererozo, mbwee pansi.

"Sindine khanda ine," anatero movutika. Kenako analira.

Kambalame anali asanaonepo Ababa akulira. Analowa m'nyumba. Anakwawira kunsi kwa bedi. Anatulutsa chitini cha misomali yopindika. Anatenganso hamala ndi mwala uja.

"Ababa, lero mugwire ndinu. Ndimenya ndine."

Ababa anayang'ana msomali. Anautola. Unagwa. Anautolanso. Unagwanso. Tsiku limenelo palibe msomali unawongoka.

Mawa lake anayesanso. Mkuja wake anayesanso. Misomali inkagwa, Kambalame ankatola.

Madzulo ena msomali sunagwe. Zala za Ababa zinaugwira pamwala. Zinkanjenjemera, koma zinaugwira. Kambalame ananyamula hamala ndi manja awiri. Anaikweza m'mwamba kwambiri.

Ababa anatong'ola maso.

"Kam... ba... lame," anatero. "Chala changa."

Hamala inaima m'malere. Amayi anaima pakhomo, mbale ili m'manja.

"Mwati chiyani, Ababa?"

"Kambalame. Menya pang'onopang'ono."

Kambalame anamenya pang'onopang'ono. Kho. Kho. Kho. Misozi inkamuphimba m'maso. Amayi anakhala pansi pambali pawo, akuseka, akulira.

Padenga Ababa sanakwerenso. Msomali uja nawo sunawongoke bwino. Unatsala wokhota kunsonga. Kambalame anaupukuta ndi diresi lake. Anauika m'chitini cha misomali yabwino.