Nsanamira Yopaka Penti

Mng'alu unaoneka pa nsanamira ya holo yasukulu pamene Kamwano anali atagonthetsa kale anzake ndi nyimbo imodzi: "Holoyi anamanga ndi bambo anga." Dzinalo sanamupatse pachabe, pakamwa pake panalibe chitseko.

Loweruka bambo ake anamata mng'aluwo ndi simenti, n'kupakapo penti yoyera. "Oyendera nyumba amangoona kunja, mwanangu," anatero akutsuka burashi.

Koma mayi injiniya amene anabwera Lolemba sankasamala za penti. Analibenso hamala yogumulira. Anatulutsa kachipangizo ka mateyala, kokhala ndi galasi ngati la foni, n'kuitana ophunzira kuti adzaone. Kamwano anakankha anzake mpaka kuima kutsogolo.

"Kameneka kamatumiza mafunde m'kati mwa konkire," anatero mayiwo akukayendetsa pa nsanamirayo. "Akagunda chitsulo amabwerera. Kaphiri kalikonse pagalasipa ndi chitsulo chimodzi. Tawerenga, mtsikana iwe."

"Ziwiri," anayankha Kamwano monyadira.

"Mbali ino yokha pamafunika zinayi. Denga lonseli latsamira pamenepa." Anazungulira mbali zonse, kenaka nsanamira zinazo, ndipo nkhope yawo inkangoipiraipira. Tsiku lomwelo holo inatsekedwa.

Palibe amene anamuseka Kamwano. Bola akanamuseka. Anzakewo ankangomupatuka, ndipo manyazi anamugwira.

Kunyumba anapeza bambo ake ali pakhonde, akupala dothi kunsapato.

"Ababa, zitsulo zinazo zinapita kuti?"

"Geti watsegula polowa pano ukuyesa linamera lokha? Nanga zotchingira mawindo akuchipinda kwako?"

"Koma denga lija likanatigwera. Timalembera mayeso m'menemo."

"Usandiphunzitse ntchito. Iweyo sukanavulala," anatero bambowo mosatekeseka. "Si paja ndinakuuza kuti uzikhala pafupi ndi khomo?"

Anamuuzadi, kangapo konse, iye n'kumayesa kuti ankafuna kuti azipitidwa mphepo. Anaganiza za mnzake wapamtima, amene chaka chonse ankakhala kutsogolo chotsamira nsanamira ija chifukwa saona bwino patali.

"Ndiye kuti mumadziwa," anatero Kamwano chapansipansi.

Bambo ake anapitiriza kupala nsapato.

M'mawa mwake mnzakeyo anamudikira panjira monga mwa masiku onse, n'kumugwira dzanja. "Usadandaule, bambo ako sankadziwa."

Kamwano, amene sanasowepo choyankha chibadwire, analephera kumuyang'ana kumaso.