Si Bibi, Ndi Bibingka!

Ufulu anali mtsikana wa ku Linthipe. Anali wamfupi ngati mtondo. Koma akati "ndichita," ankachitadi.

A Sisitere Gloria ankamuphunzitsa kuimba kutchalitchi. Kwawo kunali kutali, ku Filipini. Tsiku lina anadwala malungo. Phala anakana. Mbatata anakana. Ngakhale tiyi anakana.

"Mukapanda kudya simuchira, a Sisitere," anatero Ufulu. "Mukufuna chiyani?"

"Bibingka," anayankha motsitsa mawu. "Keke ya kwathu, ya chinangwa. Amayi anga ankaiphika m'masamba a nthochi. Moto pansi, moto pamwamba."

Ufulu anathamangira kunyumba.

"Amayi, ndikufuna kuphika bibingka!"

Mlongo wake Ackim anamva. Ackim pakamwa pake panali ngati wailesi yopanda pozimitsira.

"Bibi?" anakuwa Ackim. "Anthuni, bwerani! Ufulu akuphika bibi!"

"Si bibi!" anatero Ufulu. "Ndi bibingka!"

"Chinangwa n'chotafuna, mwanawe," anatero amayi. "Keke ya chinangwa unaiona kuti?"

"Muiona lero," anayankha Ufulu.

Anasenda chinangwa. Amayi anamuboolera chitini ndi msomali. Ufulu anapala chinangwa pachitinipo. Kwe! Kwe! Kwe! Anathira mkaka. Anathira shuga. Anaswera dzira. Anayala tsamba la nthochi mumphika. Anaika mphika pambaula.

Posakhalitsa kunamveka fungo. Silinali fungo labwino. Pansi panapserera. Pamwamba panali phala.

Ackim anatseka mphuno. Anaseka mpaka kugwa pansi.

"Ndinanena ine! Bibi weniweni!"

Misozi inafika m'maso mwa Ufulu. Koma anaibweza.

"Si bibi!" anatero. "Ndi bibingka! Ndiyambanso!"

Anatenga chinangwa chomaliza. Anatenga dzira lomaliza. Kwe! Kwe! Kwe!

"A Sisitere anati chiyani za moto?" anafunsa amayi.

"Anati moto pansi, moto pamwa..." Ufulu anadzigwira pakamwa. "Pamwamba! Ndinaiwala pamwamba!"

"Aa, kodi?" anaseka amayi. "Ndiye ngati chigumu chathu chomwechi!"

Amayi anachotsako makala pambaula. Anawaika pachivindikiro. Ufulu anakhala pambali, maso pamphika. Moto pansi, moto pamwamba.

Kunamvekanso fungo. Koma ili linali lina. Ackim anasiya kuseka. Mphuno yake inayamba kuyenda yokha.

Onse anapita kwa a Sisitere. Ufulu patsogolo, mbale pamutu. Ackim pambuyo, kutsatira fungo.

A Sisitere ananunkhiza. Analuma pang'ono. Analumanso. Analumanso!

"Kwathu timathira mkaka wa kokonati," anatero akumwetulira. "Koma lero ndafika kwathu. Ndipatseni ndi tiyi uja."

Panatsala chidutswa chimodzi. Ackim anatambasula dzanja.

"Iwe, ukutani?" anafunsa Ufulu. "Kodi umadya bibi?"

Ackim anayang'ana kudenga. Anayang'ana pansi. Anameza malovu.

"Si bibi," ananong'ona.

"Sindikumva. Wailesi yatha mabatire?"

"Si bibi! Ndi bibingka!" anakuwa Ackim.

Amayi anaseka. A Sisitere anaseka mpaka kutsokomola. Ufulu anagawa chidutswa pakati.

Chachikulu chinali cha Ufulu mwini.